Nyimbo Imene Sinali pa Chimbale cha Achimwene

Ntchito yanga ndi yoika nyimbo m'makadi a m'foni. Ndili ndi kabenchi pa Kamwendo, pakhonde la sitolo ina yogulitsa simenti, ndipo pamenepo pamakhala kompyuta yakale, sipika imodzi, ndi ine. Munthu amabwera ndi kakadi kake n'kunena zomwe akufuna, kaya za kwaya, kaya za ku Zambia zovinira zija, ine n'kumuikira, iye n'kumapita. Makasitomala anga enieni ndi madalaiva a malole amene amadutsa pano akamapita kuboda. Anthu amati ndine wamkamwa. N'zoona, ndipo sindipepesa. Khalani tsiku lonse pafumbi la msewu uno, anthu akukunamizirani kuti kompyuta yanu yawadyera nyimbo, muone ngati m'kamwa mwanumo mungatuluke zokoma.

Achimwene anga, oyamba kubadwa kwa amayi, anali ndi bandi. Musaganize za bandi ya paukwati yovala malaya ofanana, ayi. Anali anthu atatu basi: iwo pagitala ndi kuimba, mnzawo wometa tsitsi pang'oma, ndi mnzawo wina wowotcherera zitsulo wa ku Mkanda pagitala ya besi. Nyimbo zawo zinali zija amati roko. Gitala yamagetsi inkayamba ngati ikunong'ona, kenako n'kukalipa mpaka malata kunjenjemera, kenako zii, ngati magetsi azima. Anazimva koyamba pakadi ya dalaiva wina wochokera kutali, ndipo zinawalowa m'mutu osatulukamonso. Kuno anthu ankangoti "zaphokoso zija." Amayi ankawafunsa kuti, "Kodi iwe ukuimba kapena ukukangana ndi mawaya?"

Chimbale chawo choyamba chinali choseketsa. Munali nyimbo ya kabaza wopanda mabuleki amene amaimitsa njinga ndi chidendene, ya fumbi la pa Kamwendo lolowa mpaka m'tiyi, ndi ya mtsikana amene anakana mnyamata atangoyang'ana nsapato zake. Anyamata a kabaza anachikonda kwambiri chifukwa chinkanena za iwo. Ena onse ankatseka m'makutu, koma mawu ake ankawadziwa.

Chachiwiri ndiye chinali china. Anachijambulira m'nyumba yosungiramo mtedza kuseri kwa msika, chifukwa matumba odzaza aja amameza phokoso, mawu sabwerera. Ine ndinkapitako masana kukawathandiza pakompyuta. Munali mdima ngakhale kunja dzuwa likuswa mtengo, ndipo munkanunkha mtedza ndi makoswe. Achimwene ankaima pakati pa matumba atatsinzina, n'kumaimba zinthu zomwe sindinawamvepo akuyankhula chibadwire.

Nyimbo zonse zinali za munthu wochoka. Ina inali ya munda wa m'malire, womwe mzere uwu uli kwathu, mzere winawo uli kwa eni, koma chimanga chake n'chimodzi, ndipo wolima sadziwa dziko lomwe thukuta lake lagwera. Ina inali ya njinga yomwe inabwerera yokha kumudzi, katundu ali chimangire, belu likulira. Ina inali ya munthu wa manambala awiri a foni, ya kuno ndi ya ku Zambia, koma ukaimba iyi sakupezeka, ukaimba inayo sakupezekanso. Munalibe chikondi, munalibe kuseka. Yomwe inandizizira m'mafupa inali ya chitseko. Inkati:

Musatseke chitseko, musachitsegulenso,
chisiyeni chomwecho, mphepo izilowa m'malo mwanga.

Tsiku lomwe anaijambula ndinazimitsa kompyuta pakatikati. "Achimwene, kodi mwatani? Mukudziimbira nokha maliro muli moyo? Alamu ali ndi pakati kunyumba uko, inu muli pano kuimba za mphepo!"

Anaseka, n'kundigwira pamutu monga ankachitira ndili mwana. "Iwe mlongo wanga, pakamwa pakopo padzakupezetsa mavuto. Ndi nyimbo chabe izi. Kodi sukuona anthu omwe amadutsa pamsewupo? Onse amabwerera?"

"Omwe sabwerera ali ndi abale awo owaimbira. Inu imbani za kabaza."

"Za kabaza ndinamaliza," anatero, n'kuuza wang'oma uja kuti ayambirenso.

Bandi sidyetsa munthu kuno, choncho achimwene ankagwiranso ntchito yothandiza dalaiva palole yonyamula soya. Nyengo yozizira chaka chimenecho, chimbale chitangotha kujambulidwa koma chisanatuluke, anakwera lole ija kupita ku Zambia monga mwa masiku onse. Lole inabwerera, iwo ayi. Dalaiva anabwera yekha kumudzi kwathu ku Kapondo, chipewa chili m'manja. Anati anaima pamalo ena kupitirira Lusaka kuti adye, achimwene n'kutsika kuti akagule madzi, ndipo basi. Anawadikira, anafunsa m'masitolo, anakanena kupolisi ya kumeneko. Chikwama chawo anachisiya pampando. Tinaimba nambala ya kuno, sikupezeka. Tinaimba ya ku Zambia, sikupezeka. Ine ndinakhala pansi pakhonde, chifukwa zimenezi ndinali nditazimva kale pakati pa matumba a mtedza.

Atsibweni athu anapita kukafufuza, ndipo wowotcherera uja anapitanso payekha. Anayenda m'zipatala ndi m'nyumba zosungira mitembo. Anabwerako ndi fumbi lokha.

Alamu anga, akazi a achimwene, anali pachitengwa, ndiye kuti anachoka kwawo kudzakhala m'mudzi mwathu. Anabereka mwana wamkazi mvula itayamba. Mwana anakhala pansi, anakwawa, anayenda, bambo ake osaoneka. Alamu anali mtsikana wamng'ono ndithu, wofatsa mopitirira muyezo, wa mtundu uja woti ukamuponda phazi amapepesa ndi iyeyo. Ankalima munda wa amuna awo, kutunga madzi, kuphikira amayi, osadandaula. Koma aliyense ankaona kuti moyo wawo waima. Sanali mkazi wapabanja, sanali wamasiye. Kuukwati ankasowa pokhala, kumaliro ankasowa pokhala.

Kwathu kuno, munthu akafera kutali thupi lake osapezeka, timadula thunthu la nthochi, kulikulunga, n'kukaliika kumanda m'malo mwake. Maliro amalirika ngati a munthu. Zikatero m'pomwe mkazi wake amasudzulidwa, n'kubwerera kwawo ali mfulu, ndipo akafuna kukwatiwa amakwatiwa. Popanda nthochi palibe maliro, ndipo popanda maliro mkazi amakhalabe womangika.

Atsibweni awo a alamu anabwera kudzapempha zimenezi mwaulemu. Atsibweni athu anavomera kuti nthawi yakwana. Amayi okha ndi amene anakana.

"Mwana wanga si nthochi," anatero. "Mukakumba dzenjelo, muyambe mwandigonekamo ine."

Ndani akanakumba? Anthu anabwerera. Chaka chotsatira anabweranso, ndipo yankho linali lomwelo.

Amayi anayamba zizolowezi zawo. Chitseko cha nyumba yawo sankachitseka kwenikweni, ankangochikankha pang'ono, ndiye tsiku lonse chinkangoti kwii, kwii, mphepo ikadutsa. Loweruka lililonse ankatulutsa nsapato za achimwene zopitira kutchalitchi, kuzipukuta, n'kuziyanika padzuwa kuti zisachite nguwi. Ine zinkandikwiyitsa zedi. Tsiku lina ndinawayankhula mopanda ulemu, ndikuvomera. Ndinati, "Amayi, nsapato mukuzisamala, koma mwana wa eni ake akukalambira pakhomo panu pano. Nsapato ndi munthu, chofunika n'chiti?"

Anandiyang'ana. "Iweyo unamuona atafa?"

"Ayi."

"Ndiye khala chete."

Ndinawasiya, chifukwa inenso mumtima ndinali ndisanawaike achimwene m'manda. Ndinkafuna alamu amasulidwe, ndipo ndinkafunanso achimwene atulukire. Zinthu ziwirizi zinkandikoka uku ndi uku mpaka mutu kuwawa.

Anzawo a bandi aja anazengereza nthawi yaitali, koma pamapeto pake anatulutsa chimbale chachiwiri chija. Kutulutsa kwake kunali kungondipatsa ine kuti ndiziika m'makadi. Anthu atachimva anachita mantha. Amayi ena pamsika anandiuza kuti ndizimitse, akuti ndi malodza kumvera munthu akunena yekha za kusowa kwake. Ena ankati achimwene ankadziwa, anachita kukonzekera, ali ndi mkazi wina kutsidyako. Ena ankati nyimbozo ndi zomwe zinawaitanira tsoka. Anyamata a kabaza, omwe ankaimba nawo chimbale choyamba, ichi ankachimvera chamumtima, foni ili kukhutu.

Ine ndinaganiza zanga. Dalaiva aliyense wobweretsa kadi, kaya wapempha kwaya, kaya wapempha chiyani, ndinkamuikiramo chimbale chonsecho kumapeto, osamuuza. Ndinkati lole zimenezi zimafika kulikonse, ku Chipata, ku Lusaka, kumigodi, mpaka kumalire a Congo. Tsiku lina lole idzaima penapake, chitseko chili chotsegula, nyimbo ikulira, ndipo munthu wina wodutsa adzamva mawu ake omwe, n'kukumbuka kuti ali ndi kwawo. Madalaiva ena ankabwerera atakwiya. "Mayi, munandiikira chiyani? Ndikumvera nyimbo za Mulungu bwinobwino, kenako ndingomva munthu akukuwa!"

"Mwagona pachiwongolero?"

"Ayi, ndingagone bwanji ndi phokoso limenelo?"

"Ndiye thokozani, ndakupulumutsani."

Ena anayamba kuchikonda. Ankati panjira yaitali, uli wekha, nyimbo zimenezo zimanena zoona kuposa zovinira. Chimbale chinayenda kutali kuposa komwe bandi ikanafika. Koma yankho silinabwere, ndipo mwana wa achimwene anafika poti n'kuyamba kuyankhula.

Tsiku lomwe ndikufuna kunenali linali la msika, chakumasana, mwezi wotentha uja mvula isanagwe. Panabwera dalaiva wa ku Zambia, bambo wamkulu wa imvi m'ndevu, amene sindinamuonepo. Anandipatsa kadi yakale yokandikakandika, akufuna nyimbo zatsopano.

"Sisi, niikileniko nyimbo za manje manje. Izi zilimo nalema nazo."

Nditailowetsa m'kompyuta ndinaona kuti chimbale cha achimwene chilimo kale. Sindinadabwe, makadi amakoperana. Ndinangomwetulira kuti chafika mpaka kwa anthu omwe sanadutsepo pabenchi langa. Koma maso anga anazolowera mndandanda wa nyimbo zija monga mayi amazolowera ana ake, ndipo ndinaona kuti pansi penipeni pali ina yowonjezera. Inalibe dzina. Ndinavala zomvera za m'makutu n'kuitsegula.

Munalibe ng'oma, munalibe besi. Gitala yokha, yosakhala yamagetsi, waya umodzi utamasuka pang'ono. Kenako mawu. Abale, mawu a munthu amene munakula naye m'nyumba imodzi simungawasokoneze ndi a wina. Anali achimwene. Koma mawuwo anali otsika, okhuthala, ngati a munthu amene wakhala nthawi yaitali osayankhula ndi aliyense. Ankaimba pang'onopang'ono:

Ndinaima pachulu, ndinakuonani amayi,
mukuyanika nsapato zanga padzuwa.
Mango aja munadula, mwana wamera mano,
akuyenda ngati ine, phazi limodzi kunja.
Ikani nthochi, amayi, ikani nthochi,
mwana wa eni apite kwawo.

Kunkatentha tsiku limenelo moti phula linkanyezimira, koma ine thupi lonse linachita tsembwe. Kuseri kwa nyumba ya amayi kuli chulu chachikulu, ndipo ukaima pamwamba pake umaona bwalo lonse. Mtengo wa mango tinaudula achimwene atasowa kale, nthambi itagwera denga. Mwana uja anabadwa iwo kulibe, ndipo amayendadi phazi lakumanzere litaloza kunja, ndendende bambo ake. Nyimbo itatha gitala inasiya, koma chojambuliracho sanachizimitse msanga. Panali kachete, kenako chapatali ndinamva chitseko chikuti kwii, kwii.

Zitseko zolira n'zambiri padziko, ndikudziwa. Ndinadziuza zimenezo pomwepo, komabe ndinavula zomvera zija n'kutembenukira kwa dalaiva uja.

"Bambo, nyimbo iyi munaitenga kuti?"

Anawerama n'kuyang'ana pakompyuta. "Iyo? Siniziba, sisi. Kadi iyi yapita m'manja mwambili. Nimaikisa nyimbo paliponse pamene naima."

"Kumbukirani, chonde. Tauni iti? Anakuikirani ndani?"

"Manje ningakumbukile bwanji? Kapena ku Katete, kapena kumigodi. Iyo nyimbo nimaijumpha, imanipasa mantha." Anandiyang'anitsitsa. "Muli bwino, sisi?"

Ndinamukalipira bambo wosalakwa uja, ndinamunena kuti ndi munthu wanji woyenda ndi zinthu zosadziwa komwe wazitola. Anangondileza mtima, n'kundilola kukopera nyimboyo m'foni yanga. Ndinayang'ana tsiku lomwe inajambulidwa, monga timachitira pantchito yathu, koma linkaonetsa chaka chomwe ngakhale foni kunalibe. Makadi oyendayenda amatero kawirikawiri, ndiye sizinandiuze kanthu.

Ndinatseka benchi dzuwa likadali pamutu n'kuthamangira kwa wometa uja. Ndinamupeza akumeta munthu. Nditamuveka zomvera m'makutu, makina ometera anangowasiya akulira m'manja mpaka kasitomala anatembenuka. Nyimbo itatha anakhala pampando.

"Iyi sitinajambule ife," anatero. "Ndikulumbira, mlongo. Nyimbo zonse za mkuluyu ndimazidziwa, ngakhale zomwe anazitaya. Iyi sindinaimvepo."

"Ndiye kuti ali moyo."

"Mwina. Mwina madalaiva amamuuza za kumudzi."

"Dalaiva uti amadziwa za nsapato? Dalaiva uti anaona phazi la mwana?"

Tonse tinkaganiza za chulu chija, koma palibe amene anafuna kuchitchula. Ngati ali moyo, ndiye kuti anafika mpaka kuseri kwa nyumba, n'kuona mayi ake, mkazi wake ndi mwana wake, kenako n'kutembenuka. Ngati sali moyo, ndiye amene anaima pachulupo ndani? Sindikudziwa chomwe chinkandiopsa kwambiri pa ziwirizi. Ndinakwiya, ndinalira, ndinawatukwana achimwene mumtima kuti ngati muli ndi pakamwa poimbira, mwalephera bwanji kungoti odi.

Ndinakwera kabaza kupita ku Kapondo tsiku lomwelo. Njira yonse ndinkalimbana nazo. Ndikawamvetsa amayi, mwina adzati mwaona, ali moyo, ndipo alamu adzamangika mpaka imvi. Ndikabisa, ndiye kuti ndabisa mawu a mwana kwa mayi ake. Pofika pamjigo ndinali nditatopa n'kuganiza. Ndinangoti nyimboyi si yanga, yalembedwera iwo.

Ndinawapeza pakhonde akusenda mtedza, alamu ali pambali pawo, mwana akusewera ndi makoko. Sindinalongosole zambiri. Ndinati, "Amayi, alamu, pali chomwe chabwera ndi lole." Ndinaika foni pamphasa n'kutsegula.

Mawu atangoyamba, alamu anagwira pakamwa. Amayi sanagwedezeke. Mtedza unali m'manja, maso ali pafoni. Pamene nyimbo inafika pa nsapato, mtedza uja anauika pansi. Pamene inafika pa phazi, onse awiri anayang'ana mwana, yemwe anali ataimirira n'kumayenda kupita kwa nkhuku, phazi lake lija lili kunja. Kenako gitala inasiya, ndipo m'foni munamveka kwii, kwii. Nthawi yomweyo kamphepo kanadutsa, chitseko chenicheni kumbuyo kwathu n'kuyankha chimodzimodzi. Alamu anakuwa. Ine ndinadzidzimuka mpaka kugwetsa lichero la mtedza.

Amayi anadzuka, n'kuzungulira kuseri kwa nyumba. Ndinawatsatira chapatali. Anaima pansi pa chulu n'kumayang'ana pamwamba pake. Panalibe kanthu, udzu wouma basi ndi kanjira ka mbuzi. Kenako anayankhula ngati akuyankhula ndi munthu amene ali pafupi.

"Ndamva, bambo," anatero.

Atabwerera pakhonde anakhala pansi n'kugwira dzanja la alamu. "Mwana wanga, ndakusunga nthawi yaitali. Tumiza uthenga kwa atsibweni ako." Alamu analira kulira komwe sindinawamvepo chikwatiwire, ndipo sindikudziwa ngati kunali kwa chisoni kapena kwa kupepukidwa. Mwina zonse.

Amayi anaika malamulo awo awiri, ndipo poti anthu anali atadikira zaka, palibe anatsutsa. Loyamba, nthochi akasankha okha kudimba kwawo, ndipo aikulunga okha. Lachiwiri, bokosi ayi, aikulunga m'bulangete la achimwene ndi mphasa. M'mawa wa tsiku la maliro ndinawaona akupita kudimba atanyamula khasu. Ndinawakuwira kuti, "Amayi, mwaiwala chikwanje!" Sanacheuke. Ndinangoti ndi chisoni chawasokoneza, ndipo ndinali ndi zambiri zochita, anthu anali atayamba kale kufika. Anabwera nayo pangolo ya mnansi wathu itakulungidwa kale, yomangidwa bwino ndi luzi.

Adzukulu, anthu okumba manda aja, anadandaula kuti nthaka yauma ngati mwala. Poti sanali mtembo woti n'kununkha kapena kufukulidwa ndi afisi, anakumba dzenje losaya n'kunena kuti lakwana. Ponyamula, mmodzi anang'ung'udza kuti katunduyu akulemera mbali imodzi. Tinaimba nyimbo za maliro, abusa anapemphera, tinalira. Ine ndinalira zenizeni, chifukwa aka kanali koyamba kuloledwa kulira. Wometa ndi wowotcherera anaponya dothi limodzi, ndipo kuchokera tsiku limenelo sanaimbenso. Miyambo yonse itatha alamu anasudzulidwa. Anapita kwawo ndi mwana, ndipo pano anakwatiwa ndi mphunzitsi wina, munthu wabwino. Ananenepa, amaseka, ndipo mwana amabwera kudzaona agogo ake patchuthi.

Mvula inagwa yambiri chaka chimenecho. Manda athu ali m'kankhalango pafupi ndi njira yopita kuchigayo, ndipo munthu sulowamo wamba, koma m'mphepete mwake mumaoneka ukamadutsa. Chimanga chitafika m'chiuno, mayi wina anabwera akuthamanga, ufa uli pamutu, akuti pamanda a achimwene patuluka chinthu. Tinapita kukaima panjira. Pamwamba pa mtumbira panali tsamba lobiriwira, lopindika ngati ndudu, litaloza kumwamba. Inali nthochi.

Mudzi wonse unagwedezeka. Thunthu lodula silimera, aliyense amadziwa zimenezo, limangovunda. Anthu anati malodza, anati mzimu wakana maliro. Amayi ena anasiya kudutsa njira ya kuchigayo, n'kumazungulira kudambo. Ine ndinaima pomwepo n'kukumbukira khasu lija, ndi kulemera kwa mbali imodzi kuja. Amayi sanadule nthochi. Anachita kuikumba yonse ndi tsinde lake, mizu ili pomwepo.

Atsibweni anabwera kunyumba atakwiya, chikwanje chili m'manja. "Mlongo wanga, wachita chiyani? Watichititsa manyazi pamaso pa anthu. Ndikupita kukauza adzukulu akaizule."

Amayi anali pakhonde, ndipo sanakweze mawu.

"Achimwene, mwana wa eni wapita kwawo kapena sanapite?"

"Wapita."

"Maliro analirika kapena sanalirike?"

"Analirika, koma…"

"Mwana wanga anati ndiike nthochi, ndipo ndaika. Sananene kuti ndiiphe."

Atsibweni anatsamiritsa chikwanje kukhoma n'kukhala pansi. Sanapite kwa adzukulu tsiku limenelo, ndipo sanapiteko mpaka lero.

Nthochi ija inakula, inabereka, ndipo yaphukira ana ambiri moti mtumbira suonekanso. Mikoko imapsa n'kugwa yokha, palibe amene amadya. Ine pabenchi panga ndimaikabe chimbale chachiwiri m'kadi ya dalaiva aliyense, koma nyimbo yowonjezera ija sindiikamo, ndi ya amayi. Kadi iliyonse yachilendo ikabwera, ndisanachite chilichonse ndimayamba ndatsikira pansi pa mndandanda kuona ngati pali ina yopanda dzina. Sindinapezenso.

Nsapato zija amayi anazipereka kwa wowotcherera, zinamukwana. Chitseko amatseka masiku ano. Maso awo achita khungu, safikanso kunjira ya kuchigayo, ndiye ndikapita kumudzi ndimatsika kabaza pamenepo n'kuyenda wapansi kuti ndione bwino. Ndikangoti odi, asanandifunse za ulendo, asanandifunse ngati ndadya, amatembenuzira nkhope komwe kukuchokera mawu anga.

"Wadutsa kumanda? Ali bwanji?"

"Ali bwino, amayi," ndimatero. "Atulutsa tsamba lina."